Mmene Ermek Anasandukira Njuchi

Inu makolo a ana aang'ono, senderani kuno, nkhani iyi ndi yathu. Mantha a mwana woyamba tonse tinawalawa, koma a Ermek, mnzanga wa pamdadada wathu wa nyumba zosanja kuno mumzinda wa Bishkek, anali a mtundu wina. Munthuyu ankawiritsa supuni, n'kuwiritsanso mbale yoikapo supuniyo. Mwana wake Aruuke akangoyetsemula kamodzi, iye nsapato zili kale kuphazi, akufunsa mkazi wake Begimai kumene waika khadi la kusikelo.

Kusikelo komweko n'kumene kunachokera nkhani. Anamwino anati mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, chakudya chake choyamba chikhale kabachoki wophika n'kupota, timaungu tatitali tobiriwira tija. Ermek atawauza amayi ake a kumudzi ku At-Bashy pafoni, mayi Burul anaseka mpaka kutsokomola. Anati chiyambire dziko mwana amayamba ndi kuyamwa mafuta a kumchira wa nkhosa, osati zakudya za mbuzi. Ermek anati mafuta angam'pweteke mwana m'mimba, ndipo poti kabachoki wa kumsika amam'thira mankhwala osadziwika, iye adzala wake.

"Udzala pati, mwananga, iwe wokhala m'mwamba ngati nkhunda?"

"Pakhonde, Amayi. M'ndowa."

"Chabwino. Ndidzabwera tsiku lomwe adzakwanitse miyeziyo, mchira uli m'chikwama. Ndikadzapeza maungu ako, adzadya maungu. Ndikadzapeza ndowa zokha, usadzandigwire dzanja."

Basi, ulimi unayambika. Ndowa anazitsuka mpaka kusuluka. Dothi analiotcha mu uvuni kuti tizilombo tife, nyumba yonse n'kununkha ngati khola lopsa, ndipo buledi wa Begimai anamveka dothi masiku angapo. Manyowa anawakaniratu. Koma mbewu zilibe tsankho, zinamera, masamba n'kutambalala ngati maambulera mpaka matewera kusowa poyanika.

Ndiye m'mawa wina chiluwe chitamasula, chachikasu chowala, kunabwera njuchi. Mmene inakwerera mpaka pamwamba ponse paja ikudziwa yokha. M'maganizo mwake Ermek anangoona mbola ikulowa pachikope cha mwana wake. Anauza Begimai kuti athawire naye kubafa n'kukhoma chitseko, iye n'kutsala pakhonde akuvina ndi patapata m'manja. Tsiku lomwelo khonde lonse analikuta ndi neti, kabowo kalikonse n'kukamata. Ndowa imodzi, yokhala ndi mbewu yonyentchera, inasowa malo, ndiye anakaipereka kwa Kubat, woyendetsa takisi wokhala pansi pake, munthu amene ankaithirira tiyi wotsala n'kumakutumuliramo phulusa la fodya.

Patapita masiku timaungu tinaonekera, tating'ono ngati chala. Ermek anatijambula n'kutumiza ku At-Bashy. Sipanatenge nthawi, tinasanduka tachikasu, n'kuola, n'kugwa. Tina tinabwera, nato chimodzimodzi. Ermek, poti ndi munthu wofatsa nazo zinthu, anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa. Anaona kuti maluwa alipo a mitundu iwiri: ena ali ndi kadzungu kumbuyo, ena angoima pakamtengo kowonda opanda kanthu. Anagamula kuti opanda kanthuwa ndi alesi, akudya chakudya cha anzawo. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankawathothola onse, ndi osamasula omwe.

Timaungu tinangopitiriza kuola. Miyezi ya mwana nayo sinkadikira.

Tsiku lina, akusuzumira pansi kudzera pa neti, anaona zodabwitsa. Ndowa yonyentchera ija, ya phulusa la fodya ija, inali italenjekera kabachoki wonenepa bwino, wonyezimira. Anameza manyazi n'kutsika kukafunsa Kubat chomwe amathira. Kubat anakwera naye kudzaona. Anayang'ana neti, n'kuyang'ana mulu wa maluwa othotholedwa pakona, kenako anakhala pansi penipeni, akuseka mpaka misozi kuyenderera.

"Ermek, mng'ono wanga, amuna onse wawadula makosi, ankhoswe wawatsekera kunja, ndiye ukudikira ana? Kodi Aruukeyu anabwera bwanji? Kapena ndifunse mlamu?"

Begimai anathawira kukhitchini, mapewa akugwedezeka.

Amati safunsa anadya phula, koma Ermek ndi phula lomwe sanalilawe, poti njuchi anazithamangitsa yekha. Kubat anati achotse netiyo basi, nkhani ithe. Ermek anati bola kufa. Ndiye Kubat anati ngati zili choncho, njuchi akhala iyeyo: atenge duwa lalimuna m'mamawa, alisadzule, akhudzitse ufa wake wachikasu m'kati mwa lachikazi dzuwa lisanatenthe.

Vuto linali loti amuna pakhonde la Ermek anali atatha psiti. Otsala anali kwa Kubat. Ndipo Kubat, inu, si munthu wotaya mwayi. Anati kwawo mkamwini safika pakhomo chimanjamanja. Wofuna ukwati amabwera atavala chipewa chake choyera chachitali, maswiti ali m'manja, n'kupempha mwaulemu. Ermek anayesa kuseka, koma Kubat anatseka chitseko. M'mawa mwake Ermek anatsika ndi chipewa, maswiti m'manja, n'kukwera atafumbata duwa ngati akunyamula dzira. Mawa lake chimodzimodzi. Mayi wina wosesa masitepe, ataona kangapo, anakokera Begimai pambali n'kumunong'oneza kuti atsegule maso, mwamuna wake akumatuluka m'nyumba ya eni m'mamawa ndi maluwa.

"Musadandaule, azakhali," anatero Begimai. "Akukwatitsa maungu."

Ukwati umodzi unagwira. Kadzungu kamodzi sikanaole, kanayamba kukula. Kubat anati akadule kakafika kutalika kwa chikhatho, kakadali kanthete. Ermek anamuyang'ana ngati wamva zamisala. Kodi si zinthu zosakhwima zimene zimatsegula ana m'mimba? Mwana wake adye chosapsa? Ayi, chikhwime kaye. Kadzungu kaja kanafika ngati mkono. Kanasiya kukhala kadzungu, n'kukhala chidzungu ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Ermek anachiikira pilo pansi kuti chisapweteke. Mbewu nayo, poona kuti yabereka chimphona, inaleka kutulutsa ena.

Tsiku lija linafika, mayi Burul nawo anafika, mchira wa nkhosa uli m'chikwama monga analonjeza. Atapsompsona mdzukulu, anafunsa za maungu. Ermek anatuluka pakhonde atachinyamula pachifuwa ngati mwana wa nkhosa, nkhope ikuwala. Amayi ake anachigogoda ndi chala, chinalira ngati chitseko. Anangopempha tiyi.

Mpeni unaterereka. Wachiwiri unapindika. Ermek anatsika kukabwereka nkhwangwa ya Kubat yodulira mafupa, n'kudzachiwaza pansi m'khitchini, mpaka okhala pansi anagogoda paipi podandaula phokoso. Chitang'ambika, chikomekome cha mkuyu: m'kati munali nthanga zouma ngati zikhadabo ndi ulusi wokhawokha. Koma mwamuna sabwerera pamaso pa amayi ake. Anapala zomwe anapeza, anaphika, anapota, anasefa, n'kusefanso, mpaka kunatsala timadzi totuwa pansi pa kapu. Mayi Burul anasunga pangano, anakhala pamphasa atapinda manja.

Aruuke anatsegula kukamwa ndi mtima wonse, poti anali asanapusitsidwepo chibadwire. Analawa. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali, maso ali tong'o. Kenako analavulira zonse pamalaya awo oyera, n'kulira kulira kwa munthu wolakwiridwa. Supuni yachiwiri anaiomba, inakagwera mu tiyi wa agogo ake.

Ermek anadzambatuka. Anauza amayi ake kuti amudikire, asachite kanthu, akubwera. Anatsika masitepe awiriawiri kukapempha kabachoki wanthete kwa Kubat, yemwe uja wa phulusa la fodya. Kubat anafunsa kaye za chipewa ndi maswiti, kenako anayamba kusankha pang'onopang'ono ngati akusankha ng'ombe. Pokwera, Ermek anaima pakati pa masitepe. Kulira kuja kunali kutaleka. Inu makolo mukudziwa, palibe chowopsa kuposa mwana amene wangoti zii. Anakankha chitseko.

Aruuke anali pamiyendo ya agogo ake, atagwira ndi manja awiri kachidutswa ka mchira kokulunga m'kansalu kopyapyala. Ankayamwa maso atatsinzina, masaya akunyezimira, timiyendo tikupalasa mwachimwemwe. Begimai, monga mtengwa waulemu, anali kalikiliki kuthira tiyi, maso ali kuzenera.

"Amayi, tinapangana kuti adya maungu!"

"Wadya. Ndaona ndi maso anga. Ali pamalaya akowo."

Ermek anayang'ana malaya, n'kuyang'ana kabachoki m'dzanja lake, n'kuyang'ana mwana. Kenako anafunsa chapansipansi.

"Koma mwauwiritsa?"

"Ndauwiritsa. Iwenso unayamwa womwewu mpaka unayamba kuyenda, ndipo palibe chinakuchitikira." Anasuzumira kukhonde, n'kupumira m'mwamba. "Kupatula izi za ndowazi."

Neti anaichotsa sabata yomweyo, poti Begimai anati watopa kukhala ndi njuchi yovala chipewa, bola zenizeni. Zenizenizo zinabwera, ndipo mbewu zija, chimphona chitachoka, zinabereka ngati zikubwezera. Aruuke mpaka lero akangoona chobiriwira pa supuni amatseka pakamwa kuti gwa. Ndiye Ermek amadya yekha kabachoki, m'mawa wokazinga, masana wophika, wotsala n'kumayenda naye khomo ndi khomo.

Mukamuona akukwera masitepe ndi thumba lobiriwira, n'kukufunsani ngati mwandiona, chonde mumuuze kuti ndinasamuka.