Pitsa ya ku Ndola, Ndekhandekha

Lolemba

Ndola! Msonkhano wa kuntchito, sabata yathunthu, chipinda changachanga pa loji. Palibe wondiitana kuti amayi.

Cholinga chenicheni cha ulendo uno ndi pitsa. Yathunthu. Ndekha. Ku Lilongwe ndikagula pitsa amaizinga anyamata anga atatu, bambo awo, ndi mlamu wanga uja anabwera kudzacheza chaka chatha ndipo akuchezabe. Ine wa digiri ndimatsala ndi kachidutswa kamodzi ndi katoni yokataya. Kuno palibe akundidziwa.

Lesitilanti ndaipeza kale, pafupi ndi loji. Ndadutsapo kawiri kungonunkhiza. Mawa!

Lachiwiri

Amayi anga ondibala andipereka. Aimbira foni Azakhali a ku Kitwe, amene anabadwira konkuno agogo atabwera kudzagwira ntchito mumgodi.

Ndikutuluka mu msonkhano, malovu ali kale m'kamwa, ndikuwapeza Azakhali pa geti ndi amuna awo, Ankolo, mkulu wa mpingo, jekete lotseka mabatani onse dzuwa lili phwee.

"Mwana wa achimwene anga kugona pa loji ngati alibe abale? Awe! Katenge chikwama."

Madzulo, kunyumba kwawo ku Kwacha, ku Kitwe: nkhuku. Nthutumba ndi yanga, poti ndine mlendo. Sindinagonje ayi. Ndangobwerera m'mbuyo mwanzeru.

Lachitatu

Tsopano ndimadzuka kukadali mdima kukwera minibasi ya ku Ndola. Kondakitala akundikalipira m'Chibemba, ine ndikumuyankha m'Chichewa, tonse tikukhutira.

Nzeru ya lero: kuzemba nthawi yopuma masana. Koma Azakhali andimangira kontena. Chikanda, ndiye chikande cha kuno, mbatata, mazira awiri, mwendo wa nkhuku ya dzulo. Nthawi itangokwana, foni ya vidiyo.

"Onetsa kontena. Idya ndikuona."

Ndadya akuona. Pitsa sungaiponye pamwamba pa chikanda, imafuna ulemu wake. Komabe ndalowa mu lesitilanti muja, ndakhala pampando, ndawerenga menyu yonse ngati pepala la mayeso. Ndasankha: nkhuku, bowa, tchizi wowonjezera. Woperekera zakudya ndamuuza kuti asaiwale nkhope yanga. Ntchito ikuyenda!

Lachinayi

Ndanama. Ndati msonkhano utha mochedwa, asandidikire. Bodza labwino, losalala, lochita kukonza m'bafa.

Ankolo abwera kudzandidikira "kuti usayende wekha, mwaiche." Mwaiche ndiye kamwana, m'Chibemba. Akhala pa benchi ya pa loji ndi Baibulo. Msonkhano watha masana ndithu, ine ndakhala ndekha mu holo yopanda anthu mpaka dzuwa kupendeka, kuteteza bodza langa. Okolopa andikolopa mozungulira.

Kenako ku Nkana West, ku Kitwe komweko, kwa msuweni wanga Tamara, amene nayenso akuti ali ndi ufulu wondidyetsa. Nkhuku. Pobwerera Azakhali akuti ya kwa Tamara ija inali ya chizungu, siiwerengedwa. Nkhuku ina. Nthutumba ziwiri usiku umodzi! Dziko lino likandisunga mwezi, nkhuku zitha.

Lachisanu

Basi, chilungamo. Sabata yonse atiphunzitsa za kukambirana pothetsa mikangano, ndiye ndaziyesa pa Azakhali akutsuka mbale.

Ndati ndikufuna pitsa. Mbale zaleka kulira.

"Chakudya changa sichikukoma?"

Ndayamikira nkhuku iliyonse payokhapayokha. Ndayamikira chikanda. Ndayamikira ngakhale mbaula. Pomaliza apukuta m'manja n'kunena kuti, "Chabwino. Mailo pitsa."

Mailo ndiye mawa. NDAPAMBANA! Sukulu siinapite pachabe.

Loweruka

Mawu oti "ndekha" ndinaiwala kuwatchula.

Opita: Azakhali, Ankolo, Tamara, ana ake atatu, ndi Amai Tembo oyandikana nawo nyumba, amene akuti amangofuna kuona. Ankolo akuti mlendo saitanitsa chakudya, aitanitsa okha. Imodzi, yaikulu. Koma ndi yanga ija ndithu: nkhuku, bowa, tchizi. Woperekera uja wandikumbukira, wandiyang'ana mwachisoni.

Yafika! Ikufuka nthunzi, tchizi akuwira. Ndikutambasula dzanja.

"Tipemphere."

Ankolo amenewo, ndipo apempherera ulendo wanga. Amayi. Migodi. Maboma onse awiri. Ophika. Ndatsegula diso limodzi, tchizi wagwira ngati sera.

Ameni. Azakhali akuitanitsa mbale ndi supuni. Akukokera pitsa kwa iwo, chifukwa kugawa chakudya ndi udindo wawo, kunyumba kaya kulesitilanti. Ndiye akuyamba kupala. Nkhuku yonse, bowa yense, tchizi yense, chidutswa ndi chidutswa, kuunjika m'mbale yanga.

"Ndiwo zonse kwa mlendo. Ana inu, gawanani buledi."

Ndatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Ndaona nkhope yawo, ikuwala ngati andipatsa ng'ombe. Ndatseka pakamwa. Ndatenga supuni.

Lesitilanti yonse ikundiona ndikudya pitsa ndi supuni. Ndakweza mutu. Palibe wandilanda ngakhale kabowa kamodzi. Amai Tembo akuti tsopano aona.

Lamulungu

M'basi, ulendo wa kwathu. Azakhali analira pa siteshoni, inenso pang'ono, pa zifukwa zingapo.

Tiwerengere bwino. Ndinafuna pitsa yathunthu ndekha. Ndadya pamwamba pake ponse, ndekha. Theka la ntchito, koma theka la mtengo wapatali. Amene akufuna kutsutsa akatsutsane ndi Azakhali.

Pansi pake, Tamara akuti, panali pokoma.