Bokosi Langa Loposa la Alamu

Tsiku limenelo analipo mayi a kunyumba Naphiri, mwana wanga Limbani, Esinati mtsikana amene Limbaniyo akukwatira, asewere anga Nambewe amene ndi mayi ake a Esinati, ndi alamu anga a Lufeyo, alongo awo a Naphiri. Analiponso agogo ake a Esinati, a Chimbalanga, ngakhale iwowa anafika mochedwa, anthu atalira kale. Ndatchula onsewa kuti wina akamakuuzani nkhaniyi mokhotetsa, mudziwe oti mukawafunse. Koma a Lufeyo musakawafunse. Amawonjezera.

Ine ndili ndi okala pa Nsaru. Ndimagulitsa makasu, misomali, zingwe ndi mankhwala a anankafumbwe. M'mawa uliwonse ndimachoka kumudzi pa njinga yamoto, madzulo n'kubwerera. Njingayo ndinagula ndekha ndi fodya wanga, palibe mwana wa ku Joni anandiponyera. Katundu wanga wa tsiku ndi tsiku, jekete lamvula, pampu, masipanala ndi chigubu cha thobwa, ndinkaika m'thumba la feteleza n'kumanga pakaliyala ndi malegeni. Zaka zonsezi palibe chinagwapo. (Chabwino, chigubu chinagwapo, koma wolakwa anali mwala.)

A Lufeyo nawonso amayenda msewu womwewo, amayang'anira chigayo cha munthu wina pa Nsaru pomwepo. Ndiye mwana wawo wa ku Joni anawatumizira kabokosi kakuda kapulasitiki komangirira kumbuyo kwa njinga. Kali ndi kiyi, kali ndi timagalasi tofiira, ndipo akamatseka kamalira kuti thapu. Abale anga, munthu anasintha kayendedwe. Akafika pamsika satsika msanga ayi. Amavula helemeti pang'onopang'ono, kutsegula, kuika, kutseka, thapu! Anyamata a kabaza onse n'kumuzungulira ngati kwabwera wogulitsa mankhwala achikondi. Ine pambali ndikulimbana ndi malegeni, lina n'kundikwapula pachala.

"Alamu," anatero tsiku lina anthu akumva, "thumba lanulo feteleza munathira kalekale. Lipumitseni."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, mokweza kuposa onse.

Tsono mukudziwa kuti kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake. Limbani ndinabereka ndine, kusukulu ndinamutumiza ndine, koma zokafunsira mbeta ndi zokakhala pamphasa ndi akuchikazi, zonsezo ndi a Lufeyo. Ankhoswe ndi iwo. Ine ntchito yanga ndi kugula tambala n'kukhala chete, ndipo kukhala chete sindinaphunzire (sukulu ndinalekera Sitandade 2, mwina amaphunzitsa kutsogoloko).

Pokonzekera chinkhoswe tinakhala pakhonde kukambirana zokapereka: makasu, nkhwangwa, chikwanje, zitenje ndi tambala uja. A Lufeyo anati zonsezo zikwere lole pamodzi ndi anthu. Ndinawafunsa kuti, "Nanga kabokosi kanu kotchuka kaja sikanganyamule?" Anati mpini wa khasu sungalowemo. Pomwepo ndinaimirira.

"Katundu wa chinkhoswe cha mwana wanga ndinyamula ndine, pa njinga yanga, m'bokosi lotseka ndi loko!"

"Bokosi liti, bambo?" anafunsa Limbani. Mwana ameneyu anali atandiuza kangapo kuti ndingomangirira kireti ya zakumwa pakaliyala ngati mmene achitira anthu onse. Ndinamuyankha kuti ine sindine wogulitsa buledi.

M'mawa mwake ndinapita kwa Bonifasi, kalipentala wa kuseri kwa msika. Amakhoma mipando, zitseko, ndi zina zija zimene anthu amafuna mwadzidzidzi. Ndinamuuza kuti ndikufuna bokosi lamatabwa loti khasu ligonemo ndi mpini wake womwe.

"Madala, likhalatu lalitali. Lizidzatulukira uku ndi uku."

"Litulukire! Anthu alione."

Anati lidzalemera. Ine ndinaganiza msanga, poti mutu ndili nawo: mbali yokhala mitu ya makasu ndi nkhwangwa ikhale yotakata, mbali ya mipini ikhale yochepa. Bonifasi anandiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana pansi. Ndili pomwepo ndinaona zogwirira zonyezimira ngati siliva zitapachikidwa pakhoma. Ndinati aike zimenezo, ziwiri uku ziwiri uku, tione ngati timagalasi ta a Lufeyo tingalankhulenso.

"Madala, izitu timaika pa..."

"Bokosili ndi la ndani, lako kapena langa?"

Anatseka pakamwa. Mawu anga akakwera, ngakhale agalu a pamsika amasamuka.

Kunyumba sindinauze munthu. Ndinkafuna kuti onse adzalione tsiku lomwelo, pamaso pa akuchikazi, a Lufeyo atakhala kale pamphasa posowa kothawira.

Loweruka la chinkhoswe anthu ananyamuka pa lole m'mamawa kupita kwawo kwa Esinati, cha ku Namitete uko. A Lufeyo anatsogola pa njinga yawo. Ine ndinalowera kwa Bonifasi. Bokosi linali litapakidwa vanishi, likuwala moti ndinadziona ndevu. Tinalonga katundu yense, tambala pamwamba atamangidwa miyendo (Bonifasi anaboola timabowo pansi kuti azipuma), ndinakhoma loko, n'kulimangirira chopingasa pakaliyala. Koma vanishi anali asanaumitse, ndipo inali nyengo ya fumbi. Ndinathamangira kwa telala, ndinagula bafuta woyera, n'kufunditsa bokosi langa bwinobwino, zogwirira zokha zikusuzumira m'munsi. Bonifasi analowa m'shedi mwake osanditsanzika.

Ndikudziwa zimene mukuganiza. Inu mukuwerenga izi muli pamthunzi. Ine nthawi imeneyo m'mutu munali a Lufeyo okhaokha.

Njinga inkagwedera ndi kulemera, ndiye ndinkayenda pang'onopang'ono, nyali itayaka. Ndisanatuluke n'komwe pa Nsaru, abambo amene ankasewera bawo anaimirira n'kuvula zipewa. Ndinati, ehee, ayamba. Wa njinga yakapalasa anatsika n'kuima pambali. Amayi ochokera kumjigo anatula ndowa pansi. Ngakhale ana, amene amathamangira njinga iliyonse, anangoti zii. Kodi kabokosi ka a Lufeyo kanavulitsapo ndani chipewa?

Pamphambano ina ndinaima kuti ndikungitse legeni. Panabwera bambo wina, chipewa m'manja, mawu apansipansi.

"Pepani, achikulire. Mukupita nalo kuti?"

"Kwa a Chimbalanga!" ndinayankha mokweza kuti ndi akutali omwe amve. "Anthu asonkhana kale, akudikira ine!"

Bambo uja anangoti, "Ogo, Mulungu wanga," n'kutulutsa foni. Ine ndinayesa akufuna kundijambula, ndinatukula chifuwa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti a Chimbalanga anali atagonekedwa kuchipatala cha mishoni ndi chifuwa, ndipo m'mawa womwewo mdzukulu wawo anali atapita pa njinga yamoto kukawatenga kuti adzaone chinkhoswe. Mudzi wonse maso anali kumsewu kudikira njinga. Foni ya mdzukuluyo inali itatha moto. Ya bambo wa pamphambano uja moto inali nawo, ndipo uthenga unafika kumudziko ine ndisanafike.

Nditayandikira ndinacheuka. Kumbuyo kwanga kunali mndandanda wa njinga zakapalasa, ena apansi, onse mwakachetechete. Ndinati lero a Lufeyo adwala. Polowera m'mudzi ndinapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Tsoka lanji ili, chinkhoswe cha mwana wanga kukumana ndi maliro m'mudzi! Poti ndine munthu wodziwa mwambo, ndinazimitsa njinga, ndinatsika, ndinavula helemeti, n'kumaikankha mwaulemu, nkhope yachisoni.

Apo ndiye kulira kunabuka. Asewere anga Nambewe anatuluka akuthamanga, duku lili m'manja. "Bambo anga ine! Mwandisiya pa tsiku lotere, bambo anga!" n'kudzigwetsa pa bafuta wanga. Esinati anagubuduka m'fumbi ndi diresi lake latsopano. Anyamata a zimkuzamawu anazimitsa nyimbo zovina n'kuika za kwaya. Adzukulu, okumba manda aja, anali atafika kale ndi makasu awo. Naphiri analira nawo pang'ono, kenaka anayang'ana njinga, anayang'ana ine, kulira n'kulekeka.

"Bambo a Limbani, n'chiyani ichi?"

"Ndi katundu wa chinkhoswe!" ndinakuwa. Koma aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti mawu anga achepe. Palibe anamva. Anyamata anali atamasula kale malegeni, atagwira zogwirira zanga zija, akulowa nalo m'nyumba mosamala (ndipo ndinene, zinagwira ntchito bwino, palibe imene inazuka).

Akungolitsitsa pamphasa, tambala analira m'katimo. Kokoliriko!

Sindinaonepo anthu akuthamanga chomwechija. Mkulu wa mpingo anatulukira pawindo. Amayi ena anaiwala ana. Adzukulu, anthu oti manda sawaopa, anakapumira kudimba.

Ndinafufuza kiyi m'matumba onse, ndinatsegula, ndinatulutsa khasu n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Nthawi yomweyo panja panalira njinga ina. Anali a Chimbalanga, atavala jekete lawo la kutchalitchi, atagwira mdzukulu wawo m'chiuno. Amene anali atayamba kubwerera anathawanso.

A Chimbalanga anatsika, anthu anawafotokozera zonse, ndipo analowa m'nyumba ndi ndodo yawo. Anazungulira bokosi, analigogoda, analiyeza ndi ndodoyo.

"Wabweretsa ichi ndani?"

Onse analoza ine, ndi Naphiri yemwe.

"Inu ndinu bambo a mnyamata, eti? Ndiye mwandifupikitsa chonchi? Miyendo yangayi mumati muipinda?"

Ena anaseka, koma amalume ake a Esinati sanaseke. Anati awa ndi malodza, banja lobwera ndi bokosi pa chinkhoswe likufuna kutha mtundu wawo, ndipo mwana wawo sakwatiwa ndi anthu otere. Anayamba kupinda mphasa. Limbani anakhala pamtondo, nkhope m'manja.

Ndipo anakonza zonse ndani? Ee, omwewo. A Lufeyo anagwada pakati pa bwalo, kuwomba m'manja, kulankhula motsitsa mpaka dzuwa linapendeka. Anati mlamu wawo si mfiti, ndi munthu wokonda zazikulu basi, ndipo iwo akhala akumupirira zaka zambiri. (Kundipirira ine!) Analonjeza mbuzi yopepesera, ya m'khola langa, osandifunsa. Kenaka anapita pa kabokosi kawo, anatulutsa botolo la madzi ndi mankhwala a mutu, n'kupatsa asewere anga amene anali atagona pakhonde. Thapu! Amayi onse, "Koma bambo awa, dongosolo!" Mphasa inayalidwanso, chinkhoswe chinachitika, makasu anga anaperekedwa ndi manja a a Lufeyo, ine nditakhala kuseri kwa nkhokwe ndi agalu.

Bokosi lija Naphiri anakana kuti ligone m'nyumba, ndiye lili m'chigafa cha fodya, ndimasungiramo mtedza. Chiyambire palibe mwana wa m'mudzi wadutsako, ndipo mtedza wanga sukubedwanso. Ku Nsaru ndabwerera ku thumba la feteleza ndi malegeni. Koma ndinene pano anthu amve: ka a Lufeyo kaja ndi kapulasitiki, dzuwa likakamenya zaka zingapo kasweka basi. Langa ndi mlombwa weniweni. Akanangondipatsa mpata woti ndichotse bafuta ndekha, tambala asanalire, bwenzi mukumva nkhani ina.

Patapita masiku Limbani anabwera ku okala. Anandithandiza kulowetsa makasu, anasesa pakhomo, zinthu zimene sachita wamba. Kenaka anakhala pabenchi n'kuyang'ana nsapato zake.

"Bambo, ukwati ulipo mwezi wamawa, ndipo akuchikazi akuti mubwere ndithu, anakukhululukirani. Koma apempha chinthu chimodzi. Njinga yanu itsale kunyumba. Amalume avomera kukutengani kumbuyo kwawo. Akuti mukhoza kutsamira kabokosi kaja, bola musakakande."