Tsiku Limene Ndinatenthetsa Dziwe la ku Sentrale

Amene akufuna kuseka aseke pompano, amalize, chifukwa ndikayamba sindifuna kuona mano panja. Inu ana a masiku ano, madipuloma m'thumba, matako pa njinga zamoto zobwereka, mumati Jafali wakalamba, Jafali amanama. Munaliko inu? Lichinga uno akutchedwa Vila Kabrali, amayi anu asanamere mano, ine mafuta a makina anali atalowa kale m'zikhadabo. Wallahi, ndikunena zimene ndinaona ndi maso awa, ndipo nthawi imeneyo la kumanzereli linkaona.

Ndinkagwira ntchito ku sentrale, nyumba ya makina a magetsi. Pa pepala anandilemba kuti ndine wosesa, poti sukulu ndinalekeza kalasi lachitatu, koma motolo, injini yaikulu yopanga magetsiwo, ankadziwa dzanja langa. Akatsokomola ndine, akatentha thupi ndine. Mekaniko wachizungu ntchito yake inali kuloza ndi chala n'kupukuta chalacho pa malaya anga. Magetsi ndinkapanga ine, kuwala kunkapita kwa iwo, ine kwathu ku Lulimile n'kumayatsa koloboyi. Zisiyeni zimenezo, ndingakwiye.

Motolo uja ankamwa madzi kuti asapse, n'kuwalavula otentha pa paipi ya kuseri. Madziwo ankatsika ndi ngalande mpaka m'dziwe la kudambo. Tsopano kuzizira kwa Juni wa nthawi imeneyo si kwanu kuno kovalira kajuzi kamodzi. Kunkazizira moti utsi unkakana kutuluka m'nyumba, mbatatesi zinkanjenjemera m'mizere mpaka kudzikumba zokha, mbuzi ikakodza mkodzo unkaima chilili ngati ndodo anthu n'kumapunthwapo, ndipo chithunzithunzi changa chomwe, chimene ndayenda nacho moyo wonse, chinkatsala m'bulangete n'kundipeza masana. Mukumva? M'dziko lonse la Nyasa madzi ofunda anali pamalo amodzi okha, kuseri kwa sentrale, ndipo wodziwa ndinali ine ndi nsomba.

Anayamba ndi matemba a m'dambo momwemo. Matemba anakauza milamba, milamba inakauza abale awo kumunsi, mbiri inatsika phiri lonse mpaka Meponda, ndipo nsomba za kunyanja, zotopa ndi mphepo ya mwera, zinamanga ulendo. Zinakwera ndi mitsinje, mitsinje itatha zinakwera ndi mame, mame atauma zinayenda ndi mseu, kampango patsogolo, chambo pakati, usipa m'mbuyo ukudandaula fumbi, ndipo pa mlatho sipayo, wapolisi wa azungu, anaziimitsa kufuna kaderneta, chiphaso choyendera, kampango anangomuyang'ana n'kugwedeza ndevu, sipayo poona ndevu zotere anayesa ndi mkulu wa boma n'kuchita sawasha. Ine pa nthawi ya chakudya chamasana ndinkangotsikira kudziwe ndi dengu. Mbedza ya chiyani? Nsomba zinali zitafola mzere kuwotha madzi, zapafupi ndi paipi zitapsa kale mbali imodzi, unkangozitembenuza n'kuthira mchere.

Ndiye kunali Asiyatu. Ankabwera kumsika ndi bambo ake, Che Amisi, msodzi wa ku Meponda, kudzagulitsa usipa wouma. Ine usipa sindinkaufuna, ndinali ndi dziwe langa, koma ndinagula usipa mpaka m'nyumba munasowa pogona. Nditatuma amalume kukapempha mbeta, yankho Che Amisi anadzandipatsa okha, pakati pa msika, anthu akumva.

“Iwe mwana wa alimi a mbatatesi, madzi umawadziwa a m'kapu. Mwana wanga akadye chiyani kumapiri kuno, chifunga? Sumaili ali ndi bwato ndi khoka, wafunsira kale. Mwera ukangoleka ndikumupatsa.”

“Bambo, bwato la Sumaili lili kuti lero?” ndinafunsa ine.

“Lili pamchenga. Mwera uno ndani angalowe m'madzi?”

“Ine ndikupha nsomba mwezi uno uno, kumapiri konkuno. Bwerani Lachisanu mudzaone. Mukapeza dengu lopanda kanthu, mupatseni Sumaili.”

Anaseka mpaka kofiya inagwa, koma anavomera. Asiyatu ankangosankha usipa wosankha kale.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera, poti ine sindibisa. Ku sentrale Lachisanu linali tsiku ngati lina lililonse, mzungu sankadziwa za Ijumaa, ndipo ine nditasesa Zisanu zambirimbiri mutu unaiwala kuti munthu wa kunyanja sanyamuka ulendo asanaswali. Che Amisi anaswali Ijumaa yawo bwinobwino, Loweruka anakwera lole ya nsomba, lole inagona panjira, anafika Lamulungu m'mawa. Ndipo Lamulungu m'mawa, azungu ali ku misa, ndi pamene motolo ankazimitsidwa kuti asinthe mafuta. Mukumva? Paipi gwa! Ngakhale dontho.

Ndinathamangira kwa mekaniko. Ndinati patarau, bwana wanga, yatsani pang'ono chabe, ukwati wanga uli m'paipi umo. Anandiyang'ana ngati ndine chitsa cholankhula, n'kundipatsa tsache.

Nditabwerera kudziwe ndinapeza Che Amisi akhala pa mwala, adzikulunga bulangete mpaka m'maso, Asiyatu ali kumbuyo kwawo, amalume akuyang'ana kumwamba ngati sakundidziwa. Madzi ali zii, akuda, chisanu chayera m'mbali. Nsomba zonse zinali zitamira pansi kukakumbatirana m'matope.

“Nsomba zako zapita ku misa nazonso?” anatero Che Amisi.

Ndinavula malaya, ndinavula kabudula wa ntchito n'kutsala ndi kansalu, ndinalowa m'madzi mpaka m'khosi. Kuzizira kunandiluma ngati agalu khumi. Ndiye ndinatseka maso n'kuyamba kukumbukira. Ndinakumbukira mphunzitsi amene anandimenya mbalamatodya, kathabwa kolangira ana, m'manja chifukwa cholankhula chinyanja m'kalasi, madzi anayamba kufunda m'khwapa. Ndinakumbukira mwana wa sipayo amene anapitirira kalasi lachinayi pomwe masamu ankaonera kwa ine, chisanu cha m'mbali chinasungunuka. Ndinakumbukira tsache lija, ndi chala chija chopukutira pa malaya anga, ndi mababu onse a m'tauni amene ndinkayatsa osawerengerapo ngakhale kalata imodzi, ndipo madzi anayamba kulira ngati ketulo, nthunzi inakwera n'kuphimba dambo lonse, inalowa m'tchalitchi azungu n'kuyamba kuvula majekete pakati pa misa, chimanga cha m'munda wapafupi chimene anali atakolola kale chinaphukanso ngayaye, ndipo chithunzithunzi changa chinabwera chothamanga kuchokera ku Lulimile kudzawotha nawo. Wallahi! Motolo wa azungu ankafuna migolo ya mafuta kuti atenthetse dziwe limenelo. Ine ndinangofuna kukumbukira.

Nsomba zinadzuka. Zinabwera zonse, kundikhuza m'miyendo, kundilowa m'khwapa, kampango uja wa ndevu anagoneka mutu paphewa langa ngati mwana. Koma mkwiyo ukayaka suzima msanga, madzi anafika pobwata, ndinaona kuti ndiphika nsomba zonse pamodzi ndi ine ndemwe. Ndinati ndiganize zokoma mtima uphwe. Ndinayang'ana Asiyatu. Kulakwa! Dziwe linasefukira, achule anathawa akukuwa. Ndiye ndinatembenuka n'kuyang'ana nkhope ya Che Amisi, ndipo pompo madzi anabwerera pa mlingo wake, ofunda bwino osambitsira khanda.

Ndinayamba kuponya kumtunda ndi manja awiri. Dengu linadzaza, bulangete la Che Amisi linadzaza, malaya a amalume anadzaza, tinaitana lole ija inawabweretsa, inadzaza mpaka matayala anaphwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chilengedwere dziko nsomba zinachoka ku Vila Kabrali kupita kukagulitsidwa ku Meponda, asodzi a kunyanja n'kumafola ndi mbale kugula chambo kwa mwana wa alimi a mbatatesi, Sumaili ali pa mzere womwewo, wachisanu ndi chiwiri, ndipo itafika nthawi yake ndinamuwonjezera kamodzi kaulere poti ine si munthu wosunga zinthu kukhosi. Mukumva? Dziwe lija linakhala lofunda mpaka mvula yoyamba, motolo ayake asayake, ndipo amayi a ku Lulimile ankachapira momwemo n'kumandidalitsa.

Tsopano mukapita kunyumba kwanga mukamufunse Asiyatu, adzakuuzani zina. Iye amati tsiku limenelo munalibe nthunzi, munalibe lole. Amati ndinaima m'madzi oundana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, milomo itachita bii, mano akugundana moti ankamveka kumseu, ndipo ndinagwira matemba atatu, limodzi lakufa kale. Amati bambo ake anandiitana kanayi kuti ndituluke ine n'kumakana, mpaka iwo analowa okha ndi mkanjo wawo, n'kundikoka ndi khutu, n'kundifunditsa bulangete lawo, n'kuuza amalume kuti, “Nsomba sadziwa uyu, ndipo sadzadziwa. Koma Sumaili mwera ukawomba amakhala pamchenga. Uyu walowa. Mutengeni mukamuwothetse moto asanafe, tikambe za ndowa, ukwati wawo.”

Ndi mmene amanenera iyeyo, ndipo ndamusiya, poti anaima kutali, komanso nthunzi inali yambiri, sakanaona bwino. Inu sankhani amene mukumukhulupirira. Koma mukamamufunsa muyang'ane bwino kuti mukumufunsira m'nyumba ya yani.