Mayi Dinnah ndi Anamapopa a ku Aston

M'Birmingham monse sindinaonemo munthu wokayikira anzake ngati malemu Mayi Dinnah. Ukawapatsa moni ukumwetulira, ankakuyang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Mukufuna chiyani?" Basi ikafika pa nthawi yake ankaisiya ipite, ati pali chimene dalaivala akuthawa. Ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi ziwiri pachipatala cha ku Bordesley Green, ine nesi wa m'wodi, iwo otenga magazi a odwala kuti akayezedwe, ndipo tiyi aliyense amene ndinawapangira ankayamba amununkhiza.

Tsono mu 2003, nthawi imene kumudzi kunavuta mphekesera za anamapopa, anasecha chikwama cha mwana wawo Chelsea, amene ankaphunzira payunivesite ku Edgbaston. Anapezamo mano apulasitiki osongoka, mkanjo wakuda, ndi pepala lolembedwa kuti magazi atsala asanu.

"Mum, it's just a game," anatero Chelsea.

"Gemu yanji yosunga magazi? Akukutuma ndani?"

Loweruka masana anandiimbira foni. "Mabel, vala nsapato zothamangira. Tikumulondola."

Tinamutsatira mpaka ku holo ina ku Aston. Kunja dzuwa lili phwee, koma makatani onse otseka. M'katimo munali anthu ngati makumi atatu, nkhope zopaka ufa woyera, akunong'onezana m'makona. Pakhomo tinakumana ndi mzungu wamtali, Harvey, amene ankayendetsa masewerowo.

"Ndinu atsopano? Ndinu anamapopa a fuko liti?" anafunsa.

Ine miyendo inali itayamba kale kubwerera m'mbuyo. Mayi Dinnah sanaphethire n'komwe.

"Womaliza kundifunsa zimenezo anandifunsa mu 1740," anayankha ndi Chingerezi chawo chosafulumira chija. "Ndimamusunga m'botolo."

Harvey anaomba m'manja ngati wapeza golide. Anatifotokozera malamulo: aliyense amangoyerekezera kuti ndi namapopa, kugwirana n'koletsedwa, magazi ndi manambala a papepala basi. Ndewu amaithetsa ndi zizindikiro za dzanja: mwala, pepala kapena sizasi. Munthu akapingasa manja pachifuwa ndiye kuti sakuoneka, ndipo ena onse azichita ngati sakumuona.

"Zophimbira zonsezi," anandinong'oneza Mayi Dinnah. "Tibwerenso Loweruka, ndifufuze bwino."

Anafufuza zaka zisanu ndi chimodzi.

Masewerowo, anzanga, anali a ziwembu zokhazokha, kuperekana ndi kunamizana, ndiye kwa iwo zinali ngati abwerera kwawo. Tsiku lina mkulu wina wandevu anapingasa manja n'kuima kumbuyo kwawo kuti amve zinsinsi zathu. Malamulo sankawalola kumuona. Anangokweza mawu pang'ono.

"Mabel, usauze munthu. Amene akufuna kupha kalonga wa mzinda uno ndi mlonda wake yemwe."

Wandevu uja anathamangira kwa kalonga, wolamulira anamapopa onse m'masewerowo, kalonga anapha mlonda wake wosalakwa, ndipo pofika nthawi ya tiyi mpando wa kalonga unali wa Mayi Dinnah. Chelsea anabisa nkhope m'manja. Pa ndewu za dzanja ndiye sankagonja. Nditawafunsa chinsinsi chake anati, "Zaka makumi awiri ndikuyang'ana mikono ya anthu. Wofuna kutulutsa sizasi, mtsempha wake umayamba wanena."

Koma nkhani inafika kutchalitchi chathu cha Amalawi. Mayi wotenga magazi pakati pa sabata, Loweruka n'kumavala zakuda ndi azungu? Azimayi anayamba kusuntha akakhala nawo pafupi. Mayi wina atadwala anakana kuwapatsa mkono. Za kuwachotsa m'bungwe la amayi zinayamba kukambidwa, ndipo akulu ampingo anatuma mmodzi wa iwo, a Dyson, kuti akaone ndi maso awo.

A Dyson analowa m'holo muja atavala suti, Baibulo lili m'khwapa, akutuluka thukuta mwezi wozizira wa Januwale. Ine ndinati basi, tathera pano. Mayi Dinnah anawaona kamodzi kokha, n'kudzuka pampando n'kukuwa m'Chingerezi:

"Ana anga, tapezeka! Uyu ndi mlenje wamkulu wa anamapopa, wachokera ku Ntcheu! Akangokweza bukulo, tatha!"

Osewera anakondwa koopsa, poganiza kuti Harvey wawakonzera mlendo. A Dyson, poona nkhope zoyera makumi atatu zikuwatembenukira, anakweza Baibulo n'kuyamba kupemphera mofuula. Ha! Anthu anagwa ngati nthochi. Ena anakwawira pansi pa matebulo, wandevu uja anagubuduka mpaka kukhomo akulira. Mayi Dinnah anagwada, n'kulavula mano apulasitiki pamapazi a a Dyson.

"Mwandimasula, abambo," anatero m'Chichewa. "Koma anzangawa ndi ouma mitima. Mundilole ndizibwera Loweruka lililonse, ndiziwayang'anira."

Lamulungu lake a Dyson anachitira umboni kwa mphindi makumi anayi. Mayi Dinnah anakhalabe m'bungwe, ndipo ena anayamba kuwatcha mlaliki wa ku Aston. Chodabwitsa n'chakuti iwo sanakhutire.

"Akhulupirira msanga kwambiri," anandiuza tikutuluka. "Pali chimene akubisa."

Mayi Dinnah anatulukira okha matenda awo mu 2009. Dokotala atawauza kuti n'kutopa chabe, anaumirira kuti awayezenso. Ulendo umenewo tonse tinkafuna kuti akhale atalakwitsa, koma sanalakwitse. Anakhala miyezi inayi.

Kusiwa kunabwera Harvey ndi gulu lake lonse, nkhope zosamba bwino. Anakhala pansi pabalaza pamodzi ndi amayi a bungwe, akung'ung'udza nyimbo zathu zimene sankazidziwa. A Dyson anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine.

"Amayi, kodi tsiku lija anthuwa anagwadi ndi pemphero?"

"Munawaona nokha, abambo."

Anagwedeza mutu, n'kuyamba kuseka chapansipansi, misozi ikutsika. "Mayi ameneyu," anatero. "Mayi ameneyu!"

Chelsea akuti ku Aston masewero akupitirira, koma ziwembu zake zinazizira, chifukwa palibenso woti azimuopa. Ku wodi nako kuli phee. Ntchito ikuyenda, magazi akutengedwa, anthu akupatsana moni mwaulemu. Sabata yatha ndinafika ndisanagone, mtima uli kwa mayi anga amene akudwala kumudzi. Mnzanga wina anandifunsa kuti ndadzuka bwanji, ine ndinati ndili bwino. Anandikhulupirira, n'kupitiriza ulendo wake. Ndinaima m'kholido muja kwa kanthawi, ndikudikira munthu woti andigwire mkono, andiyang'ane m'maso n'kundiuza kuti ndikunama.