Mwendo wa Mkamwini

Lolemba

Ziphaliwali za kwa Chiosya! Dzina lokha basi. Tili pansi penipeni pa ligi ya m'dera lino. Chigoli chathu chomaliza chidalowa mtedza usanakumbidwe, ndiponso adadzimwetsa okha a timu inayo.

Osewera atatu atichokera chaka chino. Palibe wawagula. Angokwatira. Mnyamata umamuphunzitsa kuponda mpira, mawa lake wapeza mbeta kutsidya kwa dambo, wanyamula mphasa ndi nsapato za timu, ulendo kuchikamwini. Lamulo la ligi limati munthu asewere komwe akugona. Ndiye ine, mphunzitsi wa sukulu amene ndimaphunzitsanso timuyi popanda wonena zikomo, ndimangolimira anzanga.

Kalembera wa osewera atsopano atsekedwa Loweruka masana. Tikapanda kupeza womwetsa zigoli, tatuluka mu ligi.

Pulani yanga, ya munthu wopita ku koleji: Lachitatu tiyese anyamata pabwalo. Tione
- liwiro
- mwendo
- mutu (wogunda mpira, komanso woganiza)

Woposa anzake ndiye asaine. Chibale ayi!

Ndawauza a Gwaza, tcheyamani wa timu, amenenso ndi amalume a mkazi wanga. Andiyang'ana ngati ndayimba mluzu pamaliro. "Aphunzitsi, matimu a m'tauni amagula. Ife timakwatitsa."

Ndaseka. Iwo sanaseke.

Lachiwiri

Msonkhano wa komiti pakhonde la golosale. Ndabwera ndi kabolodi ndi choko. Palibe wayang'anako.

Anthu akuluakulu, ena akulu ampingo, akhala pansi n'kumatchula mbeta za m'mudzi! Wakutiwakuti wakula. Wakutiwakuti akadali pasukulu, musiyeni. Wakutiwakuti ngwapakamwa, angatithawitsire wosewera ligi ili pakati.

Amene akumufuna ndi Yotamu wa kwa Kapondo, uja adatimwetsa zitatu yekha, chachitatucho akuseka. Akuti waonedwa kumsika atakweza Esinati panjinga. Esinati, mng'ono wa mkazi wanga! Ankhoswe akangogwirizana kuti mnyamata adzakhala kuno, a ligi amamutenga ngati wathu, ngakhale nyumba isanafoleredwe.

Ndati zimenezi si za mpira.

A Gwaza: "Mkamwini asamakule mwendo."

Akunena ine. Ana atatu ndabereka m'mudzi muno, mango ndidabzala ndekha akudyedwa ndi mbumba yonse, koma ndikadali mlendo. Chondiwawa n'chakuti tsiku lonse takhala tikusaka mkamwini wa mwendo waukulu.

Lachitatu

Tsiku langa! Ndathira phulusa m'mizere ya bwalo ndekha. Mbuzi ndathamangitsa ndekha.

Obwera kudzayesedwa:
- Mphwawo wa a Gwaza. Mpira ukamabwera amatsinzina.
- Bambo wina akuti ali ndi zaka naintini. Tidali limodzi sitandade faifi.
- Mnyamata wa kutsidya kwa malire, wogulitsa zitenje. Amathamanga bwino, koma akuti tsiku la msika sapezeka. Masewero athu amakhala tsiku la msika.
- Tenanti wina wa ku esiteti ya fodya, wochokera ku Thyolo. Wabwera wosavala nsapato, manja akuda ndi utomoni.

Tenantiyo, abale! Walandira mpira pachifuwa, wautsitsa, waumenya ndi mwendo wamanzere. Lazaro, goloboyi wathu, munthu yekhayo m'timu muno amene amadziwa ntchito yake, wangoumva ukudutsa. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu mpira wakaphulikira pamtengo wa minga. Mayeso athera pomwepo. Mpira tili nawo umodzi. Tinali nawo.

Ndati, uyu ndiye uyu!

A Gwaza amufunsa funso limodzi: "Uli pabanja?" Akuti eya, mkazi ndi ana ali nawo konko ku esiteti.

"Wokwatira kale atithandiza chiyani? Fodya akagulidwa akwera lole. Mkamwini sathawa, amasiya ana."

Munthu wabwerera wapansi. Ngakhale madzi sitinamupatse.

Lachinayi

Andituma kukamva maganizo a Esinati. Ine, wa satifiketi yopachika pakhoma, ndasanduka kazitape wa chibwenzi.

Ndamupeza akusenda mtedza. Ndazungulira, ndayamba ndi za mvula, ndafika pa njinga ya Yotamu.

"Alamu, nenani bwinobwino. Mukufuna ndikwatiwe ndi munthu kapena ndi nambala naini?"

Ndati zonse zili mwa munthu mmodzi.

"Nanga akathyoka mwendo, mudzandisakira wina pakalembera wa chaka chamawa?"

Ndamuthandiza kusenda mtedza.

Koma sanakane. Ndakanena choncho kwa a Gwaza, iwo amva kuti wavomera. Mawa apita kwa Kapondo kukaonana ndi amalume a Yotamu. Njinga sapalasa okha chifukwa cha msana, ndiye awakweza ndi Lazaro.

Ndati tumani wina, goloboyi apume. Akuti ndikukulanso mwendo.

Lachisanu

Abwera dzuwa litapendeka. A Gwaza nkhope ngati fodya wonyowa ndi mvula.

Zomwe sitidafufuze, ife akatswiri a kafukufuku:
- Amalume a Yotamu ndiwo tcheyamani wa timu ya kumeneko.
- Nawonso sagula.
- Yotamu ali ndi mlongo wake. Mbeta.

Yankho lawo: Esinati amukonda kwambiri, ndi mwana wamakhalidwe. Koma akufuna chitengwa. Mkazi ndiye apite kwa mwamuna. Yotamu sasuntha, akuti ali ndi dimba loti aziyang'anira. Dimba! Dimba lake lili ndi mapolo awiri ndi ukonde.

Pamene akuluakulu amakambirana m'nyumba, Lazaro amamusamalira panja. Madzi osamba m'manja wamupatsa atagwada ndi mlongo uja. Amuphera nkhuku.

Nkhuku, kuphera wopalasa njinga!

Lazaro wabwera akuyimba nyimbo ya kwaya njira yonse. Ndamufunsa kuti zayenda bwanji. "Aphunzitsi, anthu aja ndi aulemu." Chigayo akuti chili pafupi. Bwalo lawo akuti lilibe chulu pakati.

Tapita kukasaka nambala naini, tasiyako nambala wani.

Loweruka

M'mamawa ndapalasa njinga mpaka ku esiteti kukapepesa kwa tenanti uja. Mkazi wake wandilandira bwino, wandipatsa mpando. Bambo kulibe. Apita kukayesa jezi. Kwa Kapondo. Akuti adabwera kudzawatenga Lachinayi, ndi nsapato m'manja. Malire a esiteti akhudza madera onse awiri, ndiye a ligi alibe nazo vuto. Funso loti ali pabanja sanawafunse.

Pobwerera ndakumana ndi Lazaro. Akupempha kuti timumasule. "Si mpira ayi, aphunzitsi. Ndi mtima." Mtima wadya nthuli ya nkhuku.

Esinati naye wavomera chitengwa. "Mjigo uli pakhomo, alamu. Komanso timu yawo imawina. Ndatopa kuvina pamene palibe chovinira."

Masana, kalembera. Ziphaliwali zasaina:
- wotsinzina uja (pagolo!)
- mnzanga wa sitandade faifi
- ine

Inde, ine. A Gwaza alemba dzina langa pa nambala naini osandifunsa. Ndati bondo langa lidatha kalekale, likamazizira limalira ngati chitseko cha kalasi. Akuti: "Inu ndiye simungatithawe."

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi ndakhala pakhonde, bondo m'madzi ofunda. Ndikudandaulira mayi a ana anga. Ndati n'zochititsa manyazi, anthu kumanga mabanja ngati akusankha timu. Ndati ife ndiye tidakwatirana mwachikondi.

Iwo akusankha nyemba, osadzutsa mutu.

"Mukukumbuka chaka mudabwera kudzaphunzitsa kuno? Timu ya aphunzitsi idasewera ndi Ziphaliwali. Mudamwetsa ziwiri."

Ndikukumbuka. Zonse ndi mwendo wamanzere.

"Mawa lake amalume adakuitanani kunyumba."

Adandiitanadi. Adati akufuna malangizo a za maphunziro a ana.

"Mudadya chiyani?"

Nkhuku. Madzi osamba m'manja ndikukumbukanso amene adandipatsa, atagwada.

Ndafunsa kuti nanga inuyo, mtima wanu unali pati?

"Ine ndinkafuna goloboyi wa timu yanu. Koma amalume adati chaka chimenecho goloboyi analipo kale."

Atero, andiwonjezera madzi otentha m'beseni. Akuti ndisamale bondolo, si langa ndekha, ndi la mbumba.

Lamulungu likudzali tikumana ndi a kwa Kapondo. Kutsogolo kwawo Yotamu ndi tenanti. Pagolo pawo Lazaro, amene ndidamuphunzitsa ndekha mbali yomwe ndimamenyera penate. Esinati azikavina kutsidya.

Bondo latupa ngati dzungu. Mwendo wa mkamwini wakula tsopano, ndipo palibe akudandaula.

Mpira tikabwereka kwa ana asukulu.