Mayi Otilia ndi Maliro a Makakana

Kwathu kuno, kufupi ndi Bangula, mukatchula mayi Otilia anthu amayamba aseka kaye, kenako nkupukusa mutu. Mayi amenewa ankalira maliro a nsomba. Osati kudandaula chabe ayi. Maliro enieni: chitenje m'chiuno, manja kumutu, mawu omveka mpaka kutsidya kwa Shire.

Ankagulitsa nsomba pamsika, ndipo nyumba yawo inali m'mbali mwa kamtsinje ka Nyansolo, kamene kamathira m'dambo. Mjigo ukafa tonse timatunga momwemo, ndipo mjigo wathu masiku ake akufa amachuluka kuposa amoyo.

Zinayamba chaka chimene Francisco, mlimi wa thonje, anatsukira sipuleya yake yopoperera mankhwala m'kamtsinjemo. Kutacha, makakana, nsomba zathu za kuno, anali mbuu pamadzi, mimba kumwamba. Mayi Otilia anawatolera m'beseni, kuwafunditsa nsalu yoyera, ulendo wa kwa Francisco. Kungofika pabwalo, anadziponya pansi.

"Mayo ine! Ana anga inu! Munamulakwira chiyani Francisco?"

Anthu anakhamukirako poganiza kuti kwagwa zovuta. Azimayi a mvano anafika atayamba kale nyimbo. Francisco anatuluka mswachi uli kukamwa.

"Watisiya ndani, mayi?"

"Vundukulani muone. Mwini maliro ndinu."

"Koma izi ndi nsomba!"

"Lero nsomba, mawa mwana wanu Praise. Madzi amamwa a kuti iyeyo? A ku Blantyre?"

Mayiwo sanasunthe pamenepo, ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa. Pofika masana, malirowo anayamba kumveka ndi mphuno zomwe. Francisco anakumba manda yekha. Khasu asanaliike pansi, mayiwo anamukumbitsanso dzenje lina kumtunda, kutali ndi madzi, loti azitsukirapo sipuleya.

Patapita zaka kunatsegulidwa famu ina ya matimati kumtunda, ngalande yake nkuilozetsa mu Nyansolo. Mvula ikagwa, feteleza ndi mankhwala zonse zinkatsikira kwathu. Madzi anachita ndere, ana nkumatsegula m'mimba. Mayi Otilia anakwera kabaza, beseni la nsomba zakufa pamutu, mpaka pageti la famuyo.

"Abwana ali pamsonkhano," anatero mlonda.

"Tidikira. Anzangawa sali pachangu."

Analira pagetipo masiku atatu, mpaka manijala anaitana apolisi. Amene anabwera anali Augustino, wobadwira m'mudzi mwathu momwemu.

"Mayi, tiyeni. Mukusokoneza ntchito za eni ake."

"Nkhabe, sindichoka! Lemba m'buku lakolo kuti Otilia wamangidwa chifukwa cholira. Pansi pake ulembe kumene amayi ako amatunga madzi."

Augustino anasuzumira m'beseni, anayang'ana ngalande, kenako pang'onopang'ono anavula chipewa. Mlonda poona zimenezo anavulanso chake. Mwezi usanathe, famu inatseka ngalandeyo, kukumba dziwe lakelake, ndi kubzala udzu wa vetiva m'malire monse.

Achibale nawo sankapulumuka. Mkamwini wawo Tomasi analima chimanga mpaka chala chakuphazi kukhudza madzi, feteleza wawazu. M'mawa mwake anapeza apongozi ali pakhomo, beseni lili gwaa lopanda kanthu, misozi ili chuchuchu.

"Koma amayi, sipanafe nsomba ngakhale imodzi!"

"Ndikulirira zimene zife mwezi wamawa. Mwezi wamawa ndidzatanganidwa."

Tomasi anazula mizere isanu ya m'mphepete ndi manja ake, mkazi wake akuseka kuseri kwa nkhokwe.

Ena ankati ndi misala. Mayi Otilia ankayankha kuti wamisala ndi amene amathira poizoni m'madzi m'mawa, madzulo nkukatunga omwewo ophikira tiyi. Anatukwanidwa, anaopsezedwa, wina anawabera beseni. Anakabwereka la kutchalitchi.

Anatisiya mu Okutobala chaka chatha, atadwala masiku owerengeka. Kumaliro kwawo kunadzaza: asodzi, alimi a thonje, ngakhale manijala uja. Tinayesetsa kulira, koma zinkamveka zoperewera. Wodziwa ntchitoyo ndi amene anali m'bokosi.

Amene akuganiza kuti njira yatseguka tsopano, abwere ndi sipuleya yake ayese, atipeza. Koma kunena zoona, kuno kwasintha. Kale za madzi athu tinkazidziwa tili m'nyumba: kukakhala zii, ndiye kuti ali bwino. Masiku ano kumakhala zii tsiku lililonse, ndipo palibe chimene timadziwa. Ndiye kukacha, wina wa ife amatsikira kumtsinje kukaona yekha.