Buku la Nyenyezi pa Thandala la Usipa

Mpaka lero ndikaona mbuzi ikutafuna chinthu choyera, mtima umandigunda. Aphunzitsi anzanga akudziwa, ndiye amachita dala kulira "mee" ndikamalowa mu ofesi. Bola nkhaniyi ndiifotokoze ndekha iwo asanaithire mchere wambiri.

Ndine mphunzitsi wa sayansi. Kwathu n'ku Mchinji, koma boma linandiponya kufupi ndi Kande, m'mphepete mwa nyanja. Ndili mwana ndinatola buku lachingerezi lakalekale, lopanda chikuto, la anthu amene anakwera chombo kupita ku nyenyezi yakutali. Masamba omaliza munalibe (amalume anapichira fodya, Mulungu awakhululukire). Anthu ajawo ndinawasiya ali lende mumlengalenga, ndipo kwa zaka makumi atatu ndakhala ndikuwafikitsa ndekha m'mutu mwangamu.

Tsiku lina mu minibasi, pochokera kumsika wa Mpamba, ndinakhala mpando umodzi ndi anesi a pachipatala chathu, mayi wa ku Zomba woseka ndi maso. Ine kamwa langa n'lolemera pa nkhani zachikondi, nchifukwa chake imvi zinandipeza ndili mbeta. Koma tsikulo, kaya n'chiyani chinandigwira, ndinayamba kuwasimbira za chombo chija. Tinafika pa Kande nkhani ili pakati. Potsika anatembenuka.

"Ndiye anafika, aphunzitsi?"

Ndinawalonjeza kuti ndiwalembera. Kulonjeza kumeneko ndi kumene kunandipalamulira.

Ndinali nditaona pafoni kuti kunjaku kuli anthu amene amasindikiza mabuku akale oterewa pamanja, pamapepala opanga okha, mabuku ochepa chabe, lililonse ndi nambala yake. Ndinati basi, ine ndipanga khumi, m'Chichewa, masamba khumi ndi awiri lililonse, ndipo la nambala wani likhala la anesi. Pamenepo mwina kamwa lidzatseguka lokha.

Miyezi iwiri ndinali ngati wodwala mutu. Mapepala akale a mayeso ndinkawanyika m'ndowa, n'kuwasinja mumtondo pamodzi ndi luzi la nthochi, kenako n'kuwavuula ndi chidutswa cha neti yotetezera udzudzu. Mawu ndinkawamenya pa tayipi yakale ya kusukulu, ndi chala chimodzi. Zithunzi anandisemera pamatabwa a Banda, aja amagulitsa ziboliboli kwa alendo. Chombo changa chinatuluka ngati bwato lomera mapiko, ndipo nditadandaula anangondiyankha kuti chombo n'chombo. Inki ndinapanga ya mwaye ndi mafuta, ndipo podinda ndinkapanikiza thabwa ndi jeke ya galimoto yobwereka. Tsamba loyamba litatuluka, nyenyezi zili ngwee pamdima wakuda bii, ndinagwetsa msozi. Sindikuchita manyazi kunena.

Vuto linali lakuti inkiyo inkadetsa zala. Eni nyumba yomwe ndinkakhala, a Nyamanda, mayi wochita geni ya usipa, anandilangiza kupaka pamwamba kaphala kopyapyala ka ufa wa kondowole. Kanagwiradi ntchito, masamba anawala, kungoti anakana kuuma.

Lachinayi ndinamva kuti anesi awasamutsira ku Balaka, anyamuka Loweruka m'mawa. Lachisanu masamba anali akadali a chinyezi, ndipo m'nyumba mwanga dzuwa silinkalowa. Mwamwayi (ndinkayesa mwayi) mwera unkawomba sabata yonseyo, asodzi osalowa m'madzi, mathandala oyanikapo usipa ali mbee. Ndinapempha thandala la a Nyamanda. Anavomera, koma anandichenjeza, akunditchula monga amatchulira mphunzitsi kumeneko.

"Asambizi, musachokepo. Mbuzi za kuno zimadziwa kuimirira."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti munthu woyang'anira ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi sangalephere mbuzi.

Ndinayala masamba mwadongosolo ngati munthu wophunzira. Oyamba onse khumi mzere wawo, achiwiri mzere wawo, mpaka omaliza kumapeto kwa thandala, kufupi ndi tchire. Lililonse ndinalitsindira kamwala. Kenako ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili paliwombo.

Abale inu, zinali zokongola. Mphepo inkatukula ngodya za masamba onse pamodzi, thandala lonse n'kumaoneka ngati likufuna kuuluka. Mafunde ankalira ngati injini yakutali. Ndinaona thandala likunyamukadi pang'onopang'ono, miyendo yake ikudontha mchenga, likudutsa pamwamba pa minda ya chinangwa, pamwamba pa mpunga wa ku Limphasa, mpaka nyanja yonse inachepa ngati beseni. Anesi anali pawindo atavala zoyera zawo, akundilozera nyenyezi ina yobiriwira, ndipo ine ndinkayankhula bwinobwino osachita chibwibwi.

Chinandidzutsa ndi phwete la amayi ochokera kochapa. Mbuzi zitatu zinali zitaimirira ndi miyendo iwiri ngati makasitomala pagolosale. Kondowole pamwamba, fungo la usipa pansi, kwa izo linali phwando. Ndinathamanga ndikukuwa m'Chingerezi (sindidziwa chifukwa chake), ndinapunthwa, n'kudya mchenga. Yaikulu, ya a Nyamanda yomwe, ndinaigwira pakhosi n'kuipisa dzanja m'kamwa. Ndinatulutsamo kachidutswa konyowa kolembedwa mawu amodzi okha: "ndipo".

Mzere wonse womaliza unali utapita. Masamba khumi a mapeto, onse. Pepala lina ndinalibe, ndipo kupanga latsopano kumafuna sabata. A Nyamanda anati ndingolemba papepala la kope, ine ndinakana, ati ulemu wa luso. Ndinakhala pamchenga mtima ukuwawa kwambiri. Buku la ubwana wanga linandibwerera monga linalili, lopanda mapeto.

Loweruka ndinapita pasiteji ndi buku limodzi losoka ndi ulusi wa ukonde. Kondakitala atangonunkhiza anandiuza kuti nsomba timamangirira kutsogolo pa waipa, osati kulowa nazo m'kati. Anthu anafa nacho chiseko. Anesi analandira ndi manja awiri, analinunkhiza, n'kutsegula kumapeto kwenikweni.

"Ndiye anafika?"

"Mbuzi, mayi," ndinatero. "Mbuzi inadya."

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Atakwera anatulutsa mutu pawindo.

"Ku Balaka minibasi zimafika, aphunzitsi. Mapeto mudzandiuze pakamwa."

Ndinapitadi. Ulendo woyamba nkhani sinathe, wachiwiri sinathenso, wachitatu ndinapita ndi amalume (omwe aja a fodya). Lero anesiwo ndi mayi a kunyumba kwanga. Bukulo timalisunga m'ndowa ya chivindikiro chifukwa cha mphaka, ndipo mapeto sindinawauzebe. Ndikuopa kuti nkhani ikatha angapemphe transifa ina.

Mukandifunsa chomwe ndinaphunzirapo, n'chochepa. Ndayambanso kunyika mapepala, ndipo thandala ndikuliyang'anabe ndi diso lachikondi. Koma pa ukwati wathu a Nyamanda atapereka mbuzi ija kuti ikhale ndiwo, ndinakanitsitsa. Nkhoswe sitidya.